Kadzidzi wogendedwa ndi legeni ali m'khola la nkhuku: ndichite chiyani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni: "Lamulungu madzulo mwana wanga wa Sitandade 6 anabwera ndi kadzidzi atamukulunga m'juzi. Anzake anamugenda ndi legeni akutuluka kudenga la kalasi ina pasukulu yawo. Ndi woyera kumaso, phiko limodzi likulendewera. Tamuika m'khola la waya pafupi ndi nkhuku. Nsima ndi mkaka akukana, madzi timachita kumuthira m'kamwa ndi supuni. Lero ndi tsiku lachiwiri. Aneba akuti taitana maliro, tikamutaye kudzala, pomwe mwana akulira kuti timuwete. Alonda a pasukulupo akuti usiku kusiling'i kuja kumamveka ngati munthu akuliza mkonono. Ndichite chiyani?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanamvere za kudzala zija, ndipo mwana wanuyo mumuuze kuti pa anyamata onse amene analipo, iye ndiye anaonetsa umunthu. Tiyambe ndi zoti muchite lero lomwe, chifukwa nthawi yatha kale.

Mumuchotse m'khola la wayamo. Mbalame yam'tchire ikaona kuwala m'mipata ya waya imayesa pali potulukira, ndiye imadzimenyetsa usiku wonse. Nthenga zikuluzikulu za kumapiko ndi kumchira zimathyoka, khungu la pamwamba pa mlomo limasupuka, ndipo fupa lothyoka lija lingaboole khungu n'kutulukira kunja. Nthenga yothyoka siphuka ngati tsitsi, imadikira nyengo yoti igwe yokha ina imere, ndipo zimenezi zingatenge chaka. Pafupi ndi nkhuku siponso pabwino, poti matenda onga chitopa amayenda pakati pa mbalame zoweta ndi zam'tchire. Pezani katoni youma kugolosale, yoti angathe kuimamo chilili koma osatambasula mapiko onse. Boolani timabowo m'mbali musanamuikemo, yalani thaulo lakale pansi kuti zala zipeze pogwira, tsekani pamwamba, muiike m'chipinda chabata, kutali ndi utsi wa mbaula, wailesi, mphaka ndi ana. Mdima ndiwo umatsitsa mtima wa mbalame. Ngati kukuzizira ndi chiperoni, botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu likhale mbali imodzi ya katoniyo, kuti akatenthedwa asunthire mbali inayo.

Pomugwira, mlomo musauope kwambiri, opani zala. Mumufunditse chitenje kumutu kuti asaone, pindani mapiko agundane ndi thupi mutaima kumsana kwake, kenaka gwirani miyendo yonse iwiri pamwamba pa zala. Kadzidzi akapanikizika amagona chagada n'kuimika zikhadabo. Zikatero mupatseni nsalu agwire, akaikakamira ndiye mumukulunge. Ntchito imeneyi ndi ya wamkulu, mwana angoonerera, ndipo mukatha musambe m'manja ndi sopo.

Supuni ija isiyeni. Kumbuyo kwa lilime la mbalame kuli kabowo kopumira kamene kali poyera, ndipo madzi othira m'kamwa amathamangira komweko n'kukafika m'mapapo. Ndalandirapo mbalame zimene bala lake likanapola ndithu, koma zinafa ndi chibayo chobwera ndi madzi a pasupuni, operekedwa ndi anthu achifundo ngati inu. Mkaka thupi la mbalame silitha kuugaya, nsima si chakudya chake. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, ubweya ndi mafupa omwe, madzi ambiri amawapeza m'nyama momwemo, ndipo pakapita maola amalavula kambulu ka ubweya ndi timafupa. Poti watha masiku awiri osadya, ngati thandizo silipezeka pofika mawa, dulani tizidutswa ta mtima wa nkhuku kapena nyama yang'ombe yopanda mafuta, yaiwisi, yopanda mchere, muviike m'madzi oyera, musiye m'katoni dzuwa litalowa, inu muchokepo. Osamukakamiza. Zotsala muchotse m'mawa nyerere zisanalowe. Kumeneku n'kungomuchirikiza masiku awiri atatu, si kadyetsedwe kokhalitsa.

Mankhwala a m'nyumba mwanu asayandikire, kaya Panado, kaya Brufen, makamaka Diclofenac. Ku India miimba inatha yoposa 95 pa 100 iliyonse kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chifukwa chodya mitembo ya ng'ombe zobayidwa Diclofenac, amene amawononga impso za mbalamezi, mpaka boma lakumeneko linaletsa kuwagwiritsa ntchito pa ziweto mu 2006. Phikolo musayese kulimanga nokha. Bandeji yothina pachifuwa imaletsa mbalame kupuma, chifukwa imapuma posuntha chifuwa chonse.

Tsono imbani foni lero. Nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ya National Parks and Wildlife, ili ndi anthu ake paphiri la Michiru, lomwe inu a ku Chilomoni mumaliona mukangotuluka pakhomo. Bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, lomwe limayendetsa malo olandirira nyama zovulala ndi zamasiye ku Lilongwe, limagwira ntchito yopulumutsa nyama limodzi ndi nthambiyi. Ku Lilongwe ndi ulendo wopitirira makilomita 300, choncho thandizo loyamba lichokere kwa dokotala wa ziweto kuno ku Blantyre, amene angamupatse madzi a m'thupi, mankhwala oyenera opha ululu, n'kuligwirizitsa phikolo. Atumizireni chithunzi chimodzi pa WhatsApp, muwauze tsiku ndi malo amene anagwera, ndi zonse zimene mwamupatsa, supuni ija osabisa. Kudziwitsa a nthambiyi kukutetezaninso inuyo, chifukwa lamulo la nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusunga, kugulitsa kapena kupha nyama zotetezedwa popanda chilolezo. Paulendo katoni ikhale pamiyendo panu, isapite kubuti ya minibasi pakati pa matumba.

Chondifulumizitsa n'chakuti mafupa a mbalame amagwirana msanga kuposa athu. Pamasabata awiri kapena atatu amakhala atalumikizana kale, ndipo akalumikizana mokhota ndiye kwatha, mbalameyo idzakhala ya pansi moyo wake wonse. Sindikubisirani: ngati mwala unathyola fupa pakati, khungu osang'ambika, mwayi ulipo waukulu. Ngati unaphwanya molumikizira mafupa, kapena fupa lakhala panja masiku awiri mpaka kuuma, kawirikawiri phiko lotero silibwereranso. Dokotala ayang'anenso mkati mwa maso, chifukwa maso a kadzidzi amadzaza gawo lalikulu la chigaza ndipo kugunda kulikonse kumutu kumawavulaza kumbuyo, kosaoneka ndi maso athu. Akadzanena kuti chifundo ndi kumubaya jakisoni woti agone osadzukanso, mwanayo mumufotokozere moona. Chisankho chimenechi chimandiwawa nthawi zonse, koma chimandiwawa koposa ndi kadzidzi wokhala zaka m'khola akukwekwereza phiko.

Mbali ya kalata yanu imene yandikhudza kwambiri ndi mkonono wa kusiling'i uja. Mwati ndi woyera kumaso. Ngati nkhope yake ili ngati mtima wojambula, maso akuda, pamutu popanda tinthenga tonga nyanga, ameneyo ndi kadzidzi wa m'madenga, amene mabuku a Chingerezi amati barn owl, ndipo mkonono umene alonda akumva ndi ana ake akupempha chakudya. Mtundu umenewu umaikira mazira anayi mpaka asanu ndi awiri, n'kufungatira pafupifupi mwezi. Ana amaswa mosiyana masiku, n'chifukwa chake m'chisa chimodzi mumapeza wamkulu ndi kakang'ono kwambiri, ndipo amatha pafupifupi miyezi iwiri asanauluke. Ana akadali aang'ono, mayi amakhala pachisa, bambo ndiye amasaka. Mwala umodzi uja wachotsa dzanja limodzi mwa awiri odyetsa banja lonse.

Mupemphe alonda aja, kapena mupite nokha ndi mwanayo dzuwa likangolowa, mukakhale chete patali, osawalitsa tochi pabowo, muone ngati kholo linalo likulowa ndi chakudya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mungadikire ola lathunthu osaona kanthu, kenaka chinthu choyera n'kudutsa mosamveka. Ngati likubwera, anawo asachotsedwe. Ngati papita usiku wonse osaoneka, auzeni a nthambi aja msanga. Mwana wa kadzidzi wa m'madenga akagwera pansi makolo samudyetsa, ayenera kubwezedwa m'chisa momwemo, ndipo zoti akamva fungo la munthu amukana si zoona. Kadzidzi wa mtundu wina, wamkulu, wa tinthenga tonga nyanga ndi maso achikasu, ndi wosiyana: ana ake amatsika dala asanadziwe kuuluka, amabisala pansi pa zitsamba, makolo n'kumawadyetsa pomwepo usiku. Ana ambiri otere amene anthu amatola poganiza kuti ndi amasiye amakhala atawalanda kwa makolo amoyo. Chofunika n'kungowakweza panthambi kapena pakhoma pomwe agalu sangafike.

Apa ndipo pali yankho la pempho la mwana wanu loti mumuwete. Wamkuluyu sadzazolowera, kukhala duu kumene mukukuona si kufatsa, ndi mantha. Kamwana ndiye kamazolowera mopitirira. Kakakula kakuona nkhope ya munthu pa chakudya chilichonse, kamadziyesa munthu, kadzatera pamutu pa aliyense kupempha nyama, ndipo ku Chilomoni kadzidzi wotera pamutu pa munthu sangaone m'mawa. Kuwonjezera apo, kamwana kodyetsedwa nyama yokhayokha yopanda mafupa kamapindika miyendo ndi mapiko pamasabata ochepa. Mako ndi mako angachepe mwendo. Ntchito ya wotola mbalame ndi kuiwolotsa kuti ibwerere kwawo.

Za aneba anu sindingazinyoze. Tonse tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira padenga kugwa zovuta, ndipo agogo anga ankamuponyera chikuni chamoto. Koma taganizirani usiku umene anthu amakhala maso mpaka mbandakucha: ndi usiku umene m'nyumba muli wodwala. Kadzidzi amalira chaka chonse, poitana mnzake ndi polengeza malire a dera lake, ife tili m'tulo. Timamumva tsiku limene nkhawa yatilanda tulo, ndipo maliro akachitika timakumbukira kulirako. Kuuluka kwake kosamveka kumachokera ku nthenga zofewa zokhala ndi timano m'mphepete. Kutembenuza mutu mpaka kumbuyo n'chifukwa choti maso ake sayenda m'malo mwake ngati athu. Makutu ake sali pamzere umodzi, lina lili m'mwamba pang'ono, motero amatha kulondola mbewa mumdima wa ndiweyani pongomva kuswaya kwake. Ndipo wabwera pasukulu chifukwa pali ziwiri zimene akufuna: denga louma ndi makoswe. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango mpaka m'zaka za m'ma 1990, la Soche ndi la Mpingwe tikuwaona mmene ayerera, ku Michiru nako nkhwangwa za makala sizikupuma. Mitengo ikuluikulu yamphako ndiyo imayamba kugwa. Mbalame ikasowa mphako imalowa kusiling'i.

Aneba musalimbane nawo pa za ufiti, simungapambane pakamwa. Afunseni za makoswe. Kadzidzi mmodzi wamkulu amadya mbewa kapena makoswe aang'ono atatu kapena anayi usiku umodzi. Muwerengetse ndi masiku 365 mupeza kuti apitirira 1,000, musanaonjeze mkazi wake ndi ana. Munthu amene matumba ake a chimanga abooledwa, kapena mphunzitsi amene mabuku ake atafunidwa m'kabati, nambala imeneyi amaimva.

Nkhani ya makoswe ikundifikitsa pa chinthu chimene chimapha mbalamezi mwakachetechete kuposa legeni. Tameki uja wogulitsidwa m'timapepala m'misika anapangidwira tizilombo ta m'munda, ndipo amagwira minyewa. Khoswe kapena galu wofa naye akatayidwa pamtetete, chilichonse chomudya chimagwa. Mbalame yotero mumaipeza yopanda bala, ikulephera kuima, zala zitafumbata, ikunjenjemera, malovu akutuluka. Dokotala ali ndi jakisoni wa atropine amene angaipulumutse ngati yafika m'maola ochepa. Mtundu wina ndi timibulu tija tapinki kapena tabuluu toletsa magazi kuundana. Timeneti sitipha tsiku lomwelo: khoswe amayenda masiku angapo atafooka, akudzandira poyera, ndipo wofooka ndiye amagwidwa msanga. Poizoniyo amaunjikana m'chiwindi cha kadzidzi khoswe ndi khoswe, mpaka tsiku lina kabala kakang'ono kamangotuluka magazi osaleka, m'kamwa mutayera. Mankhwala ake ndi vitamini K1, kwa masabata angapo. Chondipweteka n'chakuti wothira poizoni amapha mlonda wake yemwe, makoswe n'kubwerera ochuluka, chifukwa khoswe amaswana msanga kuposa kadzidzi. Msampha wachitsulo, diwa, kutseka mauna ndi simenti, kusunga chimanga m'chigolo chotseka bwino, kukwirira zinyalala, zonsezi zimagwira ntchito ndipo siziika ana anu pangozi. Amene wathira kale mankhwala atole makoswe akufa m'mawa uliwonse n'kuwakwirira mozama.

Nyama yothira poizoni ndiyo yatha miimba m'madera ambiri a mu Africa. Mu 2019 ku Botswana miimba 537 inafa pa mitembo itatu ya njovu imene opha nyama mozemba anaithira poizoni. Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha mbali inayo: ku Liwonde miimba inali itasowa, koma nyama zolusa zitabwezeretsedwa kuyambira mu 2017, mitembo yopanda poizoni itayamba kupezeka, inabwerera yokha. Munthu woika nyama ya poizoni pofuna galu wakuba kapena akhwangwala ku Lunzu kapena ku Mpemba akuchita zomwezo za ku Botswana, pamlingo wochepa chabe.

Zovulaza zina mumzinda muno zili poyera. Kadzidzi wa tinyanga amakonda kutera pamsewu usiku kutola tizilombo, ndipo nyali za galimoto zikamuthobwa amangoima. Oyendetsa usiku mumsewu wa Chileka, wa Zalewa kapena wotsikira ku Chikwawa akaona maso akuwala patala achepetse liwiro, atsitse nyali. Zitsononkho za chimanga ndi makoko zimene timaponya pawindo la minibasi zimaitana makoswe m'mbali mwa msewu, makoswe n'kuitana akadzidzi. Mipanda ya ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside yavekedwa waya wamalezala. Mbalame ikakodwa pamenepo musaikoke: ifunditseni nsalu, dulani waya mbali zonse ziwiri, ipite kwa dokotala ndi chidutswacho, chifukwa kakhungu ka kutsogolo kwa phiko kakang'ambika phiko silitambasukanso bwino. Yomatidwa ndi ulimbo kapena timapepala tomata makoswe imamasulidwa ndi mafuta ophikira pang'onopang'ono, osati palafini kapena petulo, ndipo nthenga zisadulidwe. Yogwidwa ndi magetsi papolo musaikwerere, itanani a magetsi. Ikagwa yokha pansi imaoneka yabwinobwino, kupsa kumadzaoneka patapita masiku, chala kapena nsonga ya phiko ikuuma, choncho ionedwe ngakhale ilibe bala. Migolo ndi matanki a madzi muzivundikira, kapena muikemo thabwa lopendekera kuti yogweramo ikwerepo.

Woweta nkhuku ali ndi dandaulo lenileni, ndipo sindilichepetsa. Mphamba amatenga anapiye, chimodzimodzi uja wa mchira wamphanda ndi mlomo wachikasu amene ena amati kabawi ena kamtema, amene amafika cha mu Ogasiti n'kuchoka mvula ikamatha. Koma mukapha mmodzi malo ake amalowa wina. Anapiye amatengedwa kwambiri m'masabata asanu ndi limodzi oyamba. Muwasunge nthawi imeneyo m'kakhola kofolera pamwamba ndi waya kapena nsungwi, kosunthika, ndipo pabwalo pasakhale mbee: zitsamba, nthochi, thandala, pansi pa nkhokwe, ndi mothawira thadzi likachenjeza. Nkhwazi tinaiika pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo mphamba ndi kabawi ndi abale ake enieni.

Anyamata a legeni aja asamenyedwe kapena kuchititsidwa manyazi pa asembule, angangodzakagenda mobisa. Mukaonane ndi a hedi, muwapemphe zinthu ziwiri. Choyamba, bowo la kusiling'i lisatsekedwe mpaka ana atauluka. Kutseka tsopano ndi kuwakwirira amoyo, ndipo fungo lake lidzavuta kalasi yonse. Chachiwiri, anyamata omwewo ndiwo akatole timibulu tolavula tija pansi pa bowo, tiume, akatiphwanye ndi kamtengo pa phunziro la sayansi, awerenge zigaza za makoswe. Ndaonapo mnyamata atangoti kakasi atapeza tizigaza titatu m'kambulu kamodzi, n'kufunsa yekha kuti m'chaka ndiye angati. Ngati asukulu sakufuna akadzidzi kusiling'i chifukwa cha zitosi, ana akauluka bowo litsekedwe, koma kalipentala akhome bokosi la matabwa kunja, pansi pa denga kapena pamtengo wamthunzi, mamita osachepera atatu kuchokera pansi. Khomo lake likhale pafupifupi masentimita 13, ndipo kuchokera pakhomo kufika pansi pa bokosi pakhale masentimita 45, kuti ana asagwe asanakhwime.

Kadzidzi wovulalayu akachira, mupemphe omusamalira kuti adzamumasulire pasukulu pomwepo, osati kuphiri kapena kwina kumene kukuoneka kokongola. Pamenepo ndi pamene amadziwa mtengo uliwonse, pobisala ndi posaka, ndipo akadzidzi a m'madenga amakonda kukhala ndi mnzawo yemweyo, choncho winayo angakhale akadalipo. Nthawi yake ndi chisisira, tsiku lopanda mvula ndi mphepo, anthu ochepa, agalu atamangidwa. Katoni iikidwe pamalo okwera, khomo litaloza kubwalo, kutali ndi msewu ndi mawaya. Osamuponya m'mwamba. Mwana wanuyo ndiye atsegule, abwerere m'mbuyo, nonse mukhale chete mpaka atatuluka yekha.